Ndiwaneneze bambo amene anandiphunzitsa ntchito?

Alangizi,

Ndasowa mtengo wogwira, chonde ndithandizeni. Ndine mayi wa zaka 27 ndipo ndimagwira ntchito pa fakitale yopanga mabolodi a zamagetsi, obiriwira aja mumawaona mukatsegula wailesi kapena kompyuta. Mundilole ndifotokoze kaye ntchitoyo, apo ayi nkhani yanga simuimva.

Bolodi imodzi imakhala ndi timapepala tingapo tosanjikizana, kalikonse ndi timizere take ta kopa modutsa magetsi. Timizere tina m'lifupi mwake ndi mamaikiromita 100 okha, kungoposa pang'ono tsitsi la m'mutu. Mankhwala akamaliza kudya kopa wosafunika, kapepala kalikonse kamalowa m'makina ofufuza zolakwika otchedwa AOI. Makinawa amajambula ndi makamera n'kuyerekeza chithunzicho ndi pulani ya m'kompyuta. Akapeza mzere woduka, mizere iwiri yogundana, kabowo, kapena mzere wobenthuka m'mbali ngati waluma khoswe, amaikapo chizindikiro. Koma sagamula okha. Wogamula ndi munthu amene wakhala pa sikirini, kuyang'ana malo aliwonse n'kudina batani: apa pali vuto, apa palibe. Imeneyo ndiyo ntchito yanga.

Kunena zoona, makinawa ali ngati galu wouwa ndi tsamba lomwe. Kafumbi, auwa. Kopa akathimbirira pang'ono, auwa. Zambiri zimene amaloza sizikhala vuto ayi, ndipo ukayang'ana zithunzi mazanamazana maso amachita kulemera.

Amene anandiphunzitsa zonsezi ndi bambo ena achikulire, amene ndimasinthana nawo shifiti. Nditangoyamba, ndinkaononga mabolodi ndi kampeni kochotsera shoti (pamene mizere iwiri yagundana), iwo n'kumandibisira kwa akapitawo mpaka dzanja langa linakhazikika. Popanda iwo bwenzi anandichotsa mwezi woyamba.

Tsono miyezi iwiri yapitayi ndayamba kuona zachilendo. Ndikafika msanga ndimawapeza akungodina batani lovomereza, chithunzi chisanakhazikike n'komwe. Sabata yatha ndinatenga mulu umene anavomereza n'kuubwereza mwakachetechete. Pa kapepala kena ndinapeza mzere wodyeka pafupifupi theka. Muyezo wa kapangidwe ka mabolodi wotchedwa IPC-6012 umene timatsatira sulola mzere kuchepa kupitirira 20 peresenti pa mabolodi a m'magulu apamwamba otchedwa Class 2 ndi Class 3, ndipo awa anali a Class 3, opita ku zipangizo zachipatala.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi, Alangizi. Mzere woduka kapena shoti zimagwidwa kutsogolo poyesa ndi magetsi. Mzere wodyeka sugwidwa, chifukwa magetsi amadutsabe. Timapepala tija tikangomatidwa pamodzi ndi kutentha, vutolo limakwiririka m'kati, palibenso kampeni kapena laser imene ingafikepo. Mzere wotere umatentha kuposa anzake ndipo ukhoza kudzaduka patapita miyezi, chipangizo chili pa wodwala. Ife ndife maso omaliza.

Ndinawatengera pambali n'kuwaonetsa mwaulemu. Anaseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, makina awa ndinayamba nawo iwe uli pasukulu, ndimadziwa pomwe amanama." Koma kapepalako anakaika pambali osandiyang'ana kumaso. Ine ndikukayikira kuti maso awo ndi amene afooka. Amavula magalasi pafupipafupi, kupukuta misozi, ndipo ntchito yokonza ndi kampeni masiku ano amandisiyira ine. Atsala ndi zaka ziwiri kuti apume, ali ndi adzukulu amene akuwalipirira sukulu.

Akapitawo athu nawonso sindingawayeretse. Chimene amafunsa madzulo ndi chiwerengero cha timapepala tadutsa basi. Tinawapempha kuti akatswiri akonze pulogalamu ya makinawa kuti asamaloze zachabechabe, mpaka lero zii. Munthu woyang'ana bwinobwino ndi amene amaoneka waulesi.

China n'choti dzina la wovomereza limalembedwa m'kompyuta pa bolodi iliyonse, ndipo kangapo bambowa akhala akupitiriza ntchito ine ndisanatulutse dzina langa. Bolodi ikadzabwezedwa, mlandu ukhoza kudzagwera ine. Amuna anga akuti ndingosamala dzina langalo, zinazo sizanga. Mtima wanga ukukana.

Ndichite bwanji, Alangizi? Ndikanene kwa oyang'anira ubwino wa katundu osatchula munthu, ngakhale ndikudziwa kuti m'kompyuta adzawapeza tsiku lomwelo? Kapena ndiyambe ndawakakamiza kukayezetsa maso, mwina angawasamutsire ku gawo lina? Ndiwayambe bwanji munthu wa msinkhu wa bambo anga popanda kuwachititsa manyazi? Nanga mabolodi amene adutsa kale miyezi iwiriyi, ndingokhala chete?

Ine wothedwa nzeru