Lipoti la maphunziro a API ya shopu yathu ya pa intaneti

Apampando, a komiti, amayi ndi abambo nonse a m'gulu lathu la osoka ndi ogulitsa zovala,

Zikomo kwambiri pondituma ku maphunziro a masiku awiri amene anachitikira cha ku Ginnery Corner sabata yatha. Za ndalama ya thiransipoti ndi nkhomaliro ndalemba pa kapepala kena, ndipo ndakapereka kwa a msungichuma pamodzi ndi chenji yake. Lipotili ndalilemba kuti amene simudzatha kufika Loweruka muwerengeretu pa foni n'kutumiza maganizo anu.

Munandituma ndi funso lija linatisowetsa mtendere mu Disembala: zinatheka bwanji kuti diresi limodzi ligulitsidwe kawiri, pa kauntala ku Limbe komanso kwa mayi wa ku Mzuzu amene anali atalipira kale? Tonse tikukumbukira manyazi obweza ndalama aja. Ena mwa ife tinkaganiza kuti tsamba lathu la pa intaneti ndi lowonongeka. Tsambalo lili bwinobwino. Vuto ndi loti tili ndi mawerengero atatu a katundu yemweyo: kope la pa kauntala, zimene zalembedwa pa tsamba, ndi zimene zili m'mutu mwa amene akuyankha makasitomala pa WhatsApp tsiku limenelo. API ingatithandize kuti mawerengerowa akhale amodzi, koma pokhapokha ifeyo titagwirizana kuti loona ndi liti.

Ndifotokoze kaye chinthucho, poti nanenso ndinapita ndisakuchidziwa. Mukudziwa magolosale a m'makwalala a ku Ndirande, aja otchinga ndi waya n'kusiya kawindo kakang'ono. Simulowa mkati. Mumaima pa kawindo, kunena chimene mukufuna, mwini wake n'kukupatsirani pomwepo. Tsamba lathu lili ndi khomo lalikulu limene makasitomala amalowera n'kumaona zithunzi za madiresi, koma lilinso ndi kawindo kotere kumbuyo, kopangira mapulogalamu a kompyuta osati anthu. Kawindoko ndiye API. Pulogalamu imafika, imafunsa kuti maoda atsopano ndi angati, kapena masiketi a chitenje atsala angati, ndipo imalandira yankho m'kalembedwe kotchedwa JSON, kopanda chithunzi chilichonse. Chimenechi chinandisangalatsa, chifukwa zithunzi ndi zimene zimatithera bandulo.

Shopu yathu imayenda ndi WooCommerce, pulogalamu yogulitsira malonda yokhala pamwamba pa WordPress, imene ndi pulogalamu yopangira masamba a pa intaneti. Inatuluka mu 2011, ndipo kampani ya Automattic inaigula mu 2015. Kawindo kake kalipo kale, sitilipira ndalama ina kuti tikatsekule. Maoda amapezeka pa adiresi ya tsamba lathu mukawonjezera /wp-json/wc/v3/orders kumapeto, katundu pa /wp-json/wc/v3/products. Mawu ofunsira ndi anayi basi. GET ndi kufuna kuona, POST ndi kulemba chatsopano, PUT ndi kusintha cholembedwa kale, DELETE ndi kufufuta. Yankho limabwera ndi nambala: 200 ndiye kuti zatheka, 201 chalembedwa, 401 kiyi yanu (ili ngati pasiwedi ya kawindoka) yakanidwa, 404 chimene mukufunsacho kulibe. Tsiku loyamba lonse m'mawa ine ndinkangolandira 401, mpaka mtsikana wina wogulitsa uchi amene tinakhala tebulo limodzi anaona kuti pokopera kiyi ndinasiya chilembo chomaliza.

Nkhani ya kiyiyi muimvetsetse bwino, apampando, chifukwa ikufuna chigamulo chanu. Kiyi imapangidwa m'kati mwa tsamba, pa Settings, kenako Advanced, kenako REST API. Imatuluka mbali ziwiri, ina yoyamba ndi ck_ ina yoyamba ndi cs_, ndipo imaonekera kamodzi kokha. Mukatseka tsambalo musanakopere, ndiye kupanga ina. Popanga mumasankha mphamvu yake: yongowerenga, yongolemba, kapena zonse ziwiri. Munthu amene wagwira kiyi ya zonse ziwiri akhoza kutsitsa mtengo wa diresi lililonse kufika pa K1, kufufuta maoda, kapena kukopera mayina, manambala a foni ndi kumene amakhala makasitomala athu onse, iye ali phee kunyumba kwake. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa khalidwe lathu. Pasiwedi ya tsamba ija tinaitumizirana pa gulu la WhatsApp, ndipo mpaka lero ili m'mafoni a anthu awiri amene anachoka m'gulu chaka chatha. Kiyi ya API isayende njira imeneyo. Aliyense wofunika kukhala nayo apangiridwe yakeyake, kuti akachoka tingofufuta yake yokhayo. A msungichuma safunika yolemba. Yongowerenga ikuwakwanira kuti aziona ndalama zalowa. Anatikumbutsanso kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, choncho manambala a makasitomala si katundu woti tizingomwaza.

Tsopano ndifike pa chimene ndinalakwitsa, chifukwa ndi pamene ndinaphunzira kwambiri. Tsiku lachiwiri anatipatsa shopu yoyeserera kuti tiziseweretsa. Ndinafunsa kuti malaya ena ake atsala angati, yankho linati 12. Ndinayerekeza kuti ndagulitsa amodzi pa kauntala, ndiye ndinakonza uthenga wa PUT wonena kuti stock_quantity, nambala ya zotsala, ikhale 11. Ndili mkati molemba, mphunzitsi anazemba n'kugula malaya awiri pa tsamba ngati kasitomala, nambala n'kutsika kufika pa 10. Ine osadziwa, ndinatumiza 11 wanga. Tsamba linavomera bwinobwino, 200, osadandaula. Ndiye onani: pa shelefu payenera kutsala 9, tsamba likuti 11. Malaya awiri amene kulibe akudikira ogula. Kalasi yonse inaseka, inenso ndinaseka, koma mumtima ndinati, diresi la ku Mzuzu lija ndi ili.

Chifukwa chake n'choti uthenga umenewo sunena kuti chotsapo amodzi. Umanena kuti fufuta zimene zilipo, lemba nambala iyi. Ndipo n'zimene timachita Lachisanu lililonse tikamakopera manambala a m'kope kuika pa tsamba, kaya ndi manja kaya ndi pulogalamu: timafufuta zimene tsamba linachotsera lokha mkati mwa sabata. Njira imene anationetsa ndi yoti malonda a pa kauntala nawonso azilembedwa ngati oda. Munthu akagula siketi ku Limbe, pulogalamu itumize POST ya oda yatsopano yolembedwa kuti yalipiridwa, ndipo WooCommerce ichotsera yokha siketiyo pa nambala imene ilipo nthawi yomweyo. Za pa WhatsApp chimodzimodzi. Kulemba nambala yonse mwatsopano kuzichitika pokhapokha tawerenga katundu wa pa shelefu ndi manja, kapena atelala abweretsa zatsopano, ndipo tizichita titayang'ana kaye ngati palibe oda yalowa.

Apa ndikudziwa kuti amayi athu a pa kauntala atsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Kope silifuna netiweki, silifuna magetsi, ndipo latisunga zaka zonsezi. Sindikunena kuti tilitaye. Magetsi akazima kapena netiweki ikavuta tizilemba m'kope monga kale, koma zikangobwerera, zolembedwazo zilowe pa tsamba chimodzichimodzi ngati maoda, tisanatseke shopu tsiku lomwelo. Kope likhale pothawira, koma nambala yoikhulupirira ikhale ya pa tsamba.

Koma zonsezi sizingayambe tisanakonze chinthu china chotopetsa. Pulogalamu sidziwa "diresi lija la maluwa ofiira la mayi a ku Bangwe". Imafuna kuti chovala chilichonse chikhale ndi chizindikiro chakechake chosafanana ndi china, chimene amachitcha SKU. Ndipo diresi limodzi la masaizi atatu ndi zinthu zitatu, chilichonse ndi nambala yake ya zotsala. Nditabwerako ndinayang'ana tsamba lathu usiku womwewo: zovala zambiri zilibe SKU, ndipo zina zinalembedwa kawiri ndi mayina osiyana chifukwa anazilemba anthu osiyana. Ntchito imeneyi si ya kompyuta. Ndi yathu, tsiku limodzi lathunthu, titatseka shopu, ndi timapepala, cholembera ndi mapini.

Pa maoda, mawu amene tizikumana nawo kawirikawiri ndi pending (sinalipiridwe), on-hold (ikudikira chitsimikizo cha malipiro), processing (yalipiridwa, ikukonzedwa), completed (yatha) ndi cancelled (yathetsedwa). Amene akutikhudza kwambiri ndi on-hold. Makasitomala athu ambiri amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba n'kutitumizira uthenga wa umboni, choncho oda imakhala pa on-hold kudikira kuti wina wa ife atsimikize kuti ndalama yafikadi. Chimene sindinkadziwa n'choti nthawi yonse imene oda ili pamenepo, chovalacho chimakhala chitachotsedwa kale pa nambala ya zotsala, ndipo sichibwerera chokha. Oda ya pending ndiyo imapita yokha pa cancelled nthawi yosungira ikatha, imene WooCommerce imaiika pa mphindi 60 ngati simunasinthe. Ya on-hold imakhala mpaka munthu aikhudze. Ndapeza maoda otere pa tsamba lathu a anthu amene anangoti ndilipira mawa n'kuzimiririka, ndipo zovala zake zikuoneka ngati zatha pamene zili lende pa hang'ala. Ndi API tikhoza kufunsa m'mawa uliwonse maoda onse a on-hold opitirira masiku awiri, kuwaimbira eni ake, osayankha n'kuwaika pa cancelled kuti katundu abwerere pa malonda.

Pali timisampha tiwiri tating'ono. Mukafunsa maoda osanena kuchuluka, imakupatsani khumi okha. Mukhoza kukweza mpaka 100 pa ulendo umodzi, otsalawo muwafunse pa peji yachiwiri, yachitatu, mpaka athe. Bambo wina pa maphunziropo anati anakhala mwezi wathunthu akudandaula kuti malonda atsika, chonsecho ankangoona khumi oyamba. Kachiwiri ndi nthawi. Oda iliyonse imabwera ndi nthawi ziwiri, ya kwathu ndi ya GMT, imene maiko onse amayerekezerapo nthawi zawo, ndipo ife tili patsogolo pa GMT ndi maola awiri. Oda yolowa 1 koloko usiku imaoneka ngati ya dzulo mukawerenga polakwika. A msungichuma, zimenezi zingakusokonezeni potseka mwezi.

Chimene chinandikoka mtima kwambiri ndi kusintha mitengo pamodzi. Mukukumbukira Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, nsalu n'kukwera kumene timapikula sabata yomweyo? Tinatha masiku tikusintha mtengo wa chovala chimodzichimodzi, ndipo zina zinagulidwa pa mtengo wakale tisanazifike. Pa /products/batch munthu amatha kusintha zinthu mpaka 100 ndi uthenga umodzi. Komatu mpeni womwewo ndi umene ungatichekenso, poti kulakwitsa ziro m'modzi ndiye kulakwitsa pa zovala 100 nthawi imodzi. Ndingakonde kuti mndandanda wa mitengo yatsopano uziyamba waonedwa ndi anthu awiri usanatumizidwe.

Anatiphunzitsanso za webhook, pamene tsamba ndi limene limaimbira pulogalamu yanu oda ikangolowa, m'malo moti inu muzifunsa. Ndi yabwino, koma kwa ife ndikuona kuti isayambe. Imafuna kompyuta yoyaka usana ndi usiku imene ikupezeka pa intaneti, ndipo WooCommerce ikalephera kufikitsa uthenga kasanu motsatizana imaizimitsa webhook ija. Laputopu yathu ya ku shopu imagona nafe limodzi. Kuli bwino pulogalamu yathu izifunsa yokha mphindi khumi zilizonse pamene yayaka. Za Shopify, pulogalamu ina ya mashopu a pa intaneti, anakambapo pang'ono madzulo. Imalipiridwa mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja, ndipo sindinaone chifukwa chosamukira.

Ndisakunamizeni kuti masiku awiri andisandutsa katswiri. Kufunsa maoda, kuona zotsala ndi kusintha oda kuchoka pa on-hold kupita pa processing ndikutha. Koma kapulogalamu ka pa foni koti amayi a pa kauntala azingodina SKU ndi mtengo, oda n'kulowa, kakufuna munthu wodziwa. Achinyamata otere alipo mu Blantyre muno, ena anaphunzira ku MUBAS pa Chichiri pompa. Tikamupeza, ayambe wagwira ntchito pa shopu yoyeserera osati yeniyeni, kiyi yake tidzaifufute akamaliza, ndipo zimene walemba atisiyire kuti zikhale za gulu.

Loweruka ndikupempha kuti tigwirizane tsiku lotseka shopu kuti tiwerenge katundu ndi kumata ma SKU. Ine ndikuganiza Lolemba la sabata yachiwiri ya mwezi, pamene anthu amakhala atatha ndalama ndipo malonda amakhala ozizira. Tisankhenso anthu awiri osunga makiyi, ndipo pasiwedi yakale ija isinthidwe tsiku lomwelo. A msungichuma atiuze ngati thumba lingakwanitse kulipira wolemba pulogalamu mwezi uno kapena tidikire wamawa. Ndidzabwera ndi laputopu kuti ndidzakuonetseni malaya 11 aja ndi maso anu, ndiye amene muli ndi kope la pa kauntala musaliiwale.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu