Bwezani nkhani ya a Karo yomwe mwafufuta

Inu eni ake a insaikulopediya ya pa intaneti, ndikulemba pano poyera chifukwa ku inbox kwanu mwangoti zii. Nkhani yomwe ndinalemba ya anthu a mtundu wa Karo a ku Ethiopia mwaifufuta yonse ati muli zinthu zopanda umboni. Eya, wina anabwera kudzaphatikamo chiwerengero cha anthu osanena komwe wachitenga, koma simukanangochotsa mzere umenewowo? Nsabwe ikalowa m'malaya mumawotcha malaya onse?

Chandiwawa kwambiri ndi admin wanu uja amene anaifufuta. Ndinamufunsa mwaulemu kuti bwana, tandionetsani ziganizo zolakwikazo ndizikonze, iye kundiyankha kuti alibe nthawi yowerenga nthano komanso kamtundu kameneka palibe akukadziwa, kenako kundibuloka osandipatsa mpata woyankha. Anthu amoyo, okhala ndi midzi yawo ngati Korcho ndi Dus, munthu n'kumati kamtundu! Sanatsegule n'komwe maumboni omwe ndinaika pansi pa nkhaniyo, ndikudziwa chifukwa anafufuta pasanathe nthawi yoti munthu n'kumaliza ndime imodzi.

Abale amene mukuwerenganu tandiuzani, bodza lili pati apa? A Karo amakhala kum'mawa kwa mtsinje wa Omo womwe umakathira mu nyanja ya Turkana, chilankhulo chawo n'chapachibale ndi cha anthu a mtundu wa Hamar, amadzipaka choko choyera m'thupi pa miyambo yawo, ndipo ulimi wawo wa mapira, chimanga ndi nyemba umadalira madzi osefukira akaphwera n'kusiya dothi lachonde m'mbali mwa mtsinje. Damu la Gibe III la pa mtsinjewu lomwe analitsegulira mu 2016 linasokoneza kusefukira kumeneko, ndiye nthawi yomwe anthuwa akuvutika kupeza polima ndi imene inu mwaona kuti muwachotse ngakhale pa tsamba pomwe ana asukulu akanawerenga za iwo. Chigwa cha kumunsi kwa Omo chili pa mndandanda wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse kuyambira 1980, izinso ndi nthano?

Mwezi watha uja kaya ndi winawo ndakhala ndikugona mochedwa kulemba pa foni, mabandulo okha anandidyera K18,500, kuwonjezera apo K6,200 ya ku kafe komwe ndimakatsitsa mabuku chifukwa netiweki kwathu ndi yovuta. K24,700 imeneyo sindinatole pansi, ndipo palibe anandilipira, ndimangofuna anthu adziwe.

Ndikufuna nkhaniyo ibwerere momwe inalili, mundionetse mizere yomwe mukuikayikira ndiikonze kapena muichotse nokha, mundichotse pa buloko, ndipo admin ameneyu apepese pompano pomwe aliyense aone. Mukapitiriza kukhala chete ma screenshot onse ndili nawo, dzina lake likuoneka bwinobwino, ndiwaponya m'magulu onse a aphunzitsi ndi olemba omwe ndilimo, ndipo tsiku lomwe mudzabwerenso kudzapempha anthu kuti akuthandizeni ndi ndalama ndidzawaika pansi pa positi yanu yomweyo.