Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya masitazi ya biochemistry (sayansi ya makhemikolo a m'zamoyo)

Mwana wanga,

Uthenga wako ndauona, ndipo ine ndi bambo ako tikuti pita ukaphunzire, palibe wokuletsa. Koma mu zonse walembazi watchula mayunivesite ndi mitu ya kafukufuku yokoma m'khutu, dzina la munthu amene azikakuyang'anira silikuoneka paliponse, nde ine mtima sunakhale pansi.

Masitazi ya kafukufuku si ngati digiri yoyamba ija yoloweza manotsi, kulemba mayeso basi wakhoza. Makalasi ndi ochepa, chaka chimodzi kapena ziwiri uzikangokhalira mu labu ndi funso limodzi loti ngakhale supavaiza wakoyo yankho lake salidziwa, mapeto ake ndi thesis, lipoti lalikulu la kafukufuku wako, yoti anthu ena osakudziwa akaiunike. Nde supavaizayo umusankhe ndi maso awiri. Mulembere imelo inde, koma ufufuzenso ophunzira amene anadutsa m'manja mwake uwafunse pambali, kodi amapezeka, ukamupatsa chaputala chimabwera pakatha sabata kapena mpaka uiwale kuti unalemba chani, anthu ake amamaliza pa nthawi, nanga pepala likasindikizidwa dzina la wophunzira limakhalapo? Pulofesa wotchuka wongokhalira m'misonkhano ine ayi, bola lekichala wachinyamata woti ayime nawe pa benchi nkuona mmene ukugwirira pipette, kachipangizo kotungira timadzi mu labu.

Ufunsenso za ndalama, osati fizi yokha koma za ma reagent, mankhwala ogwiritsa ntchito mu labu. Ine ndagwira mu labu mpaka kupuma ntchito, ndaona ana anzeru akungokhala manja lende miyezi chifukwa enzyme yatha pakati pa ntchito ndipo oda sinafike. Grant, ndalama zoyendetsera pulojekitiyo, ikutha liti? Filiji ya -80°C yosungira masampulo ija magetsi akazima imatani, poti masampulo a chaka chonse amatha kuonongeka usiku umodzi. Ndipo ngati uzigwiritsa ntchito magazi a anthu kapena nyama, chilolezo cha komiti ya ethics chimachedwa, uyambe kuchithamangira msanga.

Tsopano zolephera, pakuti iwe sunazolowere, kuyambira pulayimale umangokhoza. Kumeneko uzachita PCR yochulukitsa DNA, kuthira mu gel yoisiyanitsa, kudikira, kukayang'ana pa kuwala kwa UV nkupeza ladder yokha mbee, mizere yoyezera ija, band yako, mzere wa DNA umene umaufuna, kulibe. Puloteni waivutikira sabata yonse uzaipeza m'mawa yaundana mu chubu, madzi ayera ngati mtambo. Usazadzione ngati mbuli. Wasayansi Frederick Sanger anatha pafupifupi zaka 10 kuti adziwe ndondomeko ya ma amino acid 51, tizidutswa topanga puloteni ya insulin, anamaliza mu 1955. Wasayansi wina, Katalin Karikó, anamutsitsa udindo ku University of Pennsylvania mu 1995 grant itamuvuta kupeza, pepala lake ndi Drew Weissman la mRNA, imene inadzagwiritsidwa ntchito popanga katemera wa Covid, linatuluka 2005 anthu osalilabadira kwenikweni, mphoto ya Nobel anailandira 2023 katemera wa Covid atatuluka kale. Sindikuti uzakhala ngati iwowo ayi, iwe uli ndi zaka ziwiri zokha zochitira kafukufukuyu, ndiye funso lako likhale laling'ono loti nkutheka, ndipo ugwirizane ndi supavaiza za njira ina ngati yoyambayo ikana.

Buku la mu labu uzilemba tsiku lomwelo, deti, pH (mlingo wa asidi) ya buffer, madzi osungunuliramo masampulo, lot number ya pa botolo, zimene zakanika nazonso uzilemba, chifukwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi sungakumbuke kuti unasintha chani. Control, sampulo yofananizira zotsatira, usaidumphe ngakhale watopa bwanji. Ndipo ichi ndikunena ngati mayi ako, tsiku lina zotsatira zizatsala pang'ono kuoneka bwino, kanambala kamodzi kokha kakusokoneza, nthawi yatha, palibe akukuona. Usakakhudze. Zotsatira zosakoma munthu amamaliza nazo digiri bwinobwino, koma zopeka zikadziwika amalanda digiri ngakhale patapita zaka.

Za PhD usalonjeze munthu panopa, uyambe waona ngati moyo wa pa benchi ukukukomera. Laputopu yako ija yakalamba, data uziisunga malo awiri. Bambo ako akupereka moni, akuti uyimbe Lamulungu madzulo mukambirane za sikolashipu.

Ndine,
Amayi ako