Spider-Man wopanda Ben si Spider-Man

A Mkonzi,

Ndiloleni nditulutseko zakukhosi pa zimene analemba mnyamata wanu wa tsamba la zamsangulutso Loweruka lapitali. Iye akuti mwa mafilimu onse a Spider-Man, Homecoming ya 2017 ndiye yeniyeni, ndipo zakale zija n'zoti azionera agogo. Ndinawerenga kawiri, ndinavula magalasi n'kuwapukuta, koma mawu anali omwewo. Ngati agogo akunenedwawo ndi ife, zikomo, tamva, ndipo tayankha.

Ine Spider-Man ndinamudziwira m'timabuku tazithunzi takaunjika tomwe tinkagulitsidwa pansi m'mbali mwa msewu ku Limbe, tina topanda chikuto, tina tosowa tsamba lomaliza moti mathero ake tinkachita kupeka tokha. Filimu ya 2002 ya Tobey Maguire ndinaionera m'kanyumba ka vidiyo, pabenchi, thukuta lili kamukamu. Ndiye pamene ndikulankhula za Peter Parker, mnyamata amene ndiye Spider-Man, sindikulankhula za mlendo.

Nditawerenga tsamba lanu ndinati mwina ndine wouma mutu, Homecoming ndiionerenso. Ndinakhala pansi Lamlungu ndi mwana wa mchemwali wanga, wa Fomu 2. Maola awiri ndi mphindi zake anatha, dzina la Ben, bambo amene analera Peter, silinatchulidwe ngakhale kamodzi. Kamodzi kokha! Filimu itatha ndinamufunsa mphwangayo kuti n'chifukwa chiyani Peter amadzivutitsa kuthamangitsa akuba usiku. Anandiyankha mosaphethira kuti akufuna Iron Man amulembe ntchito. Ndinadzuka n'kukamwa madzi.

A Mkonzi, funsani aliyense amene anagwirako buku loyamba la Spider-Man lomwe Stan Lee ndi Steve Ditko anatulutsa mu 1962, Amazing Fantasy nambala 15. Nkhani yonse yagona pa chinthu chimodzi. Mnyamata wapeza mphamvu, wayamba matama, wakuba akumudutsa pafupi iye n'kumusiya dala ati si ntchito yake, ndipo wakuba yemweyo ndi amene akukapha Ben, munthu amene anamulera. Chimene chimamudzutsa Peter usiku ndi chikumbumtima chimenecho. Mukachichotsa mwatsala ndi mwana wodumphadumpha pamadenga basi. (Ndipo omasulira mafilimu m'Chichewa aleke kunena kuti amalume. Ben ndi mkulu wawo wa bambo ake a Peter, ndiye kwathu kuno ndi bambo aakulu. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.)

M'malo mwa Ben atipatsa ndani? Tony Stark, mpondamatiki, yemwe ndi Iron Man uja. Peter amene ife timamudziwa anasoka yekha chovala chake, mankhwala a ulusi uja anasakaniza yekha, ndalama ankazipeza pogulitsa zithunzi kwa mkonzi wankhanza J. Jonah Jameson, ndipo pepani, sindikunena inu. Mu filimu ya 2004 anachotsedwa ntchito yoperekera pizza chifukwa chochedwa, mwini nyumba akumudikirira pakhomo kufuna za lendi. Ameneyo ndiye tinkamumva, chifukwa aliyense amene anakhalapo pa lendi ku Ndirande amadziwa kuyenda monyang'ama pa 30. Uyu wa Tom Holland wa mu Homecoming chovala anachita kupatsidwa m'chikwama. Chovalacho chimalankhula, dzina lake Karen, chili ndi parachuti, chili ndi njira 576 zoponyera ulusi. Chatsala n'kumuphikira nsima. Ndiye mwana amangokhalira kutumiza mauthenga kwa dalaivala wa bwana Stark, kufunsa ngati kwapezeka kaganyu.

Pamene panandipweteka kwambiri ndi paja nyumba yamugwera Peter. Chithunzi chimenecho anachitenga m'buku la Amazing Spider-Man nambala 33 la 1966, lomwe okonda timabukuti amalilemekeza ngati chuma cha banja. M'bukumo Peter wapsinjidwa ndi chitsulo cholemera, madzi akukwera, mankhwala opulumutsa May, mkazi wa Ben, ali poteropo koma sangawafikire. Akukumbukira kuti Ben anamulephera kale, ndipo sangalole kuti mayi amene anamulerawo apitenso chifukwa cha iye. Ndi chimene chikumunyamulitsa chitsulocho. Mu Homecoming, pa mphindi yomweyo, mawu amene akumveka m'mutu mwake ndi a Tony Stark. Abale inu! Mwana wamasiye ali pakamwa pa imfa, akukumbukira malangizo a bwana? Lee ndi Ditko onse anamwalira mu 2018, ndipo sindiwayankhulira, koma amene ali ndi maso akawerenge bukulo adzionere yekha.

Ndisaname, Michael Keaton anasewera bwino ngati Vulture, wakuba amenenso ndi bambo wa mtsikana wopita ku dansi ndi Peter. Pamene akuwaperekeza ana ku dansi pagalimoto, n'kumazindikira pang'onopang'ono kuti mnyamata wakhala kumbuyoyo ndi ndani, ndinasiya kutafuna mtedza. Koma taonaninso: munthuyo anali kontilakitala wotola zinyalala za nkhondo imene gulu la ngwazi la Avengers linamenya ku New York, anagula zipangizo, analemba anthu ntchito, kenako kontilakiti inalandidwa n'kupita ku bungwe lomwe Stark ali ndi dzanja. Theka la filimu ndinali kumbali ya wakubayo. Filimu ya Spider-Man imeneyo?

Ndikudziwa zomwe mnyamata wanu anene. Adzati imfa ya Ben tinaionera kale mu 2002 ndi mu 2012 nthawi ya Andrew Garfield, anthu anatopa nayo. Ndani wapempha maliro achitatu? Dzina lokha, chithunzi pakhoma, chiganizo chimodzi patebulo. Adzatinso pamapeto Peter anakana kulowa gulu la Avengers. Anakanadi, koma atafika kunyumba anapeza chovala cha bwana chija chili pabedi m'kapepala, ndipo anachivala. Adzatinso mu No Way Home ya 2021 anakonza zinthu kudzera mu imfa ya May. Eya, patatha zaka zinayi, mwana atakula kale.

Ndipo n'zimene zatizinga masiku ano. Mnyamata wamphamvu zake, sukulu anapita, koma nzeru zonse zili pa kupeza bigi woti amutole. Pamaliro akuyang'ana amene wabwera pa galimoto yaikulu, pamsonkhano wandale akudikira kaenivelopu ndi tisheti. Oimba athu nyimbo isanafike pakati atchula kale mayina a mabwana atatu. Makolo tikulephera, aphunzitsi atopa, ndiye filimu imene inkatithandiza kuuza mwana kuti zochita zako zili ndi zotsatira nayonso yayamba kuphunzitsa kuti chofunika n'kudziwana ndi wolemera.

Pempho langa n'lachidule. Musanamupatsenso tsamba mnyamatayo, mukhazikeni pansi aonere ya 2002 ndi ya 2004 motsatizana, foni atazimitsa. Kapena tsambalo muzilipereka kamodzi pamwezi kwa owerenga achikulire. Timabuku tanga tina ndikadali nato m'katoni pansi pa bedi, njenjete zinadyako m'mbali koma tikuwerengeka. Abwere adzabwereke, koma asaine.

Wowerenga wanu wokhumudwa,
Ndirande, Blantyre