Mwana akutsegula m'mimba, apongozi akuti ndi tsempho

Azakhali,

Ndithandizeni chonde, mutu wanga waima. Ndikulemba usiku uno chifukwa tulo palibe. Ndimakhala kuno ku Joni, ku Rosettenville, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, ine, bambo a mwana ndi mwana wathu wamwamuna yemwe akwanitse zaka ziwiri posachedwapa.

Mwanayu wakhala akutsegula m'mimba kwa milungu ingapo tsopano. Sikuti ndi madzi okhaokha ayi. Ndi chimbudzi chofewa, chonunkha kwambiri, ndipo mukayang'ana m'theweramo mumapeza tizidutswa ta karoti ndi makoko a nyemba monga mmene anadyera. Magazi mulibe, ndimaunika ndi tochi ya pafoni nthawi zonse. Kumatako kwafiira, ndikamamupukuta amakuwa mpaka eni nyumba amagogoda pakhoma. Kudya akudya, masana akusewera, koma sakhazikika. Usiku amangogubuduka pamatilesi, kudzikanda kumbuyo, kundimenya, kufuna bere lomwe ndinamusiyitsa kalekale. Ine m'ma 5 koloko ndimayenera kukhala ndili panjira kukakwera mataxi awiri, ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg.

Masana ndimamusiya kwa mayi ena amene amasunga ana m'dera lathu lomweli. Ndimalipira mwezi ndi mwezi osaphonya. Ndimalawirira kuphika phala lothira nsinjiro, kuika m'kontena, nthochi pambali. Madzulo kontena imabwerera phala lili momwemo, litazizira, koma botolo la juwisi lili mbee. Chivindikiro cha kontenayo anataya, ndipo nditafunsa anandiyankha ngati ndine wopempha, akuti ana ndi ambiri sangamalondere zivindikiro. Mwana akalira amangomutseka pakamwa ndi juwisi ndi matchipisi a kuspaza, timagolosale ta m'dera kuno. Juwisiyo ndimagula ndine, wa maapozi, wodula ndithu, chifukwa ndimaona ana a abwana anga akumwa yemweyo. Mayi wina wa kutchalitchi, yemwe anagwirapo unamwino kumudzi, wandiuza kuti shuga wa m'juwisi wa zipatso akachuluka, matumbo a mwana amalephera kumuyamwa yense, ndiye amakoka madzi n'kufewetsa chimbudzi. Akuti ana ambiri a msinkhu umenewu zimawachitikira ndipo amakula bwinobwino. Kodi ndi zoona? Nanga ndikamuchotsera juwisiyo, woti amutonthoze masana ndani?

Za madzi nazonso zikundidetsa nkhawa. Kuno mipopi imatha kuuma masiku angapo, timakatunga pagalimoto ya thanki. Ine kunyumba ndimawiritsa. Koma kumene amaswerako, ndowa ndi imodzi, kapu ndi imodzi, ana onse.

Musaganize kuti ndangokhala manja lende. Katemera yense analandira, ngakhale wa rota uja woteteza ku matenda otsegula m'mimba, pa milungu 6 ndi pa milungu 14, zalembedwa m'buku lake la kusikelo, la Road to Health. Ndimamupangira madzi a shuga ndi mchere monga amaphunzitsira kuno: lita imodzi ya madzi owiritsa, timasupuni 8 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Amamwa pang'ono, kenako n'kulavula. Kumudzi ndikanangothamangira Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinki aja.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi, Azakhali. Apongozi anga ku Dedza atumiza mawu pa WhatsApp. Poyamba ankati ndi mano akumera, lero asintha, akuti mwana watsemphedwa, wina mwa ife m'nyumba muno sakuyenda bwino. Bambo a mwana anatsegula mawuwo mokweza, n'kuika foni pambali pa mbale ya nsima, n'kumandiyang'ana ine. Ine! Munthu amene ndimachoka kuli mdima, kubwera kuli mdima, manja atatuwa ndi sopo wa anthu. Nthawi yoyenda ndi amuna ndiitenga kuti? Iwo amagwira ya ulonda usiku, kumene amapita akaweruka ndi nkhani ina. Pali zina ndinaziona mufoni mwawo chaka chatha zomwe sindingalembe m'nyuzipepala, ndinangozisunga mumtima chifukwa cha mwana yemweyu. Lero wolakwa ndine. Thewera limodzi sanasinthepo, mtengo wa mathewera sakuudziwa, koma mawu a mayi awo amamva msanga.

Apongozi akuti atumiza mankhwala achikuda kudzera kwa dalaivala wa basi, oti mwana amwe. Ndikakana ati ndikuopa chifukwa ndikudziwa chimene ndinachita. Ndikavomera, ndimwetse mwana wotsegula m'mimba zinthu zomwe sindikudziwa kuti asakanizamo chiyani? Ndimawalemekeza, anandilandira bwino pamene ndinkalowa m'banjamo, koma zimenezi zandipweteka kwambiri.

Mufunsa kuti bwanji osapita naye kukiliniki. Mapepala anga sali bwino, ndingonena choncho. Pali zipatala zina kumene anthu amaima pageti n'kumafunsa ziphaso, anzanga ena anabwezedwa mwana ali kumsana. Ndinamva kuti mu 2023 khoti lalikulu kuno ku Johannesburg linagamula kuti ana osakwana zaka 6 ndi amayi oyembekezera azithandizidwa ulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lomwe akuchokera. Koma munthu ukaima pamzere wekha, mtima umagunda. Abwana nawo ndikajomba tsiku amadula ndalama.

Ndimadziwa kuti maso akalowa m'kati, akasiya kukodza, akafooka kapena kukana kumwa, kapena magazi akaoneka, ndiye kuthamanga basi, ngakhale pakati pa usiku. Zimenezo sizinafike. Koma namwino uja anati kusakhazikikaku kungakhalenso chizindikiro choti madzi akuchepa m'thupi, ndipo kutsegula m'mimba kukafika masiku 14 mwana amayenera kuonedwa kuchipatala. Ife tinapyola kale pamenepo.

Ndiye ndiuzeni, Azakhali. Kudzikandaku si njoka za m'mimba, poti mankhwala ake amayenera kulandira miyezi 6 iliyonse? Mkaka ndimusiyitse kapena ayi? Kwa mayi osunga anawo ndimuchotseko, nanga ndimusiya kuti? Kukiliniki ndipite ndi ndani woti andilankhulire akandibweza? Nanga bambo akewa ndiwayankhe chiyani, ndiulule zimene ndinaona mufoni muja kapena ndikhalebe chete?

Ine mayi wothedwa nzeru,
Rosettenville, Johannesburg