Makolo, musaletse ana kuphunzira ntchito yojambula odwala

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa nkhani imene imabuka chaka ndi chaka zotsatira za MSCE zikangotuluka. Mwana wakhoza bwino fizikisi, bayoloje ndi masamu, mtima wake uli pa maphunziro ojambula odwala ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, koma kunyumba akumuletsa. Ati makina a X-ray amapha mbewu, sadzaona mwana. Mawu amenewa timawamva ku Chibavi, ku Katoto ngakhale ku Luwinga, ndipo amatipweteka mtima ife ogwira ntchitoyi kuno ku Mzuzu, chifukwa akutilanda ana anzeru amene chigawo chino chikuwasowa.

Cheza cha X-ray n'choopsadi, sitikukana. Koma chimayezeka, ndipo malire ake ndi odziwika. Muyezo wake umatchedwa millisievert, mwachidule mSv. Malamulo a padziko lonse amati wogwira ntchito asapyole 20 mSv pachaka mukawerengera zaka zisanu pamodzi, ndipo chaka chimodzi chisadutse 50 mSv. Chithunzi chimodzi cha pachifuwa chimapatsa wodwala pafupifupi 0.1 mSv, ndipo ameneyo ndi amene waima kutsogolo kwa makina. Wojambula amakhala kuseri kwa khoma lotchinga cheza, akusuzumira pagalasi la mtovu, ndipo chomufika n'chochepetsetsa. Kuti munthu asiyiretu kubereka pamafunika ma mSv masauzande nthawi imodzi. M'dziko muno mulinso bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limene limapereka ziphaso ndi kuyendera malo ogwiritsa ntchito cheza.

Chimene chimawononga wojambula ndi kuzolowera. Ngozi yeniyeni ili kuwodi ndi kuthiyeta, kumene makina amakankhidwa kupita kwa wodwala ndipo kulibe khoma lobisalako. Kumeneko chitetezo choyamba ndi kutalikira. Ukachoka pa mita imodzi n'kuima pa mamita awiri, cheza chokufika chimachepa kanayi. N'chifukwa chake chingwe cha batani chimakhala chachitali: chitambasule chonse, uime mamita awiri kapena kuposa, uchenjeze anamwino ndi odikirira odwala, kenako udine. Mwana wolira akafunika kugwiridwa, amugwire kholo lake litavala epuloni yotchinga cheza, bola mayiyo asakhale woyembekezera. Kholo lichita zimenezi kamodzi, pamene wojambula akayamba kugwira yekha ana, adzachita kambirimbiri pachaka.

Epuloni nayonso imafuna ulemu. Mkati mwake muli mtovu wochindikala ngati 0.25 mpaka 0.5 mm. Mukaipinda ngati chitenje kapena kuiponya pampando, mtovuwo umathyoka m'mapindo, kunja ikuoneka yabwinobwino koma cheza chikudutsa m'ming'alu. Ipachikidwe pa hang'ala yake, ndipo kamodzi pachaka ijambulidwe yokha kuti ming'alu ioneke. Yong'aluka ichotsedwe. Baji yoyezera cheza ivalidwe pachifuwa, mkati mwa epuloni, tsiku lililonse, ndipo itumizidwe kukawerengedwa pa nthawi yake, miyezi itatu isanadutse. Siyibwerekedwa. Ukaisiya m'chipinda chojambulira imanama kuti walandira cheza chambiri, ukaisiya m'drowa imanama kuti ulibe vuto. Mnzathu wamkazi akaima, anene msanga kwa omuyang'anira kuti amusinthire ntchito, chifukwa mwana wa m'mimba sayenera kupyola 1 mSv mpaka kubadwa. Ntchito sasiya ayi.

Pali vuto lina limene makolo salidziwa n'komwe, koma ndi limene limafooketsa ambiri: phewa ndi msana. Sikani younikira m'mimba (ultrasound) ilibe cheza choopsa, imagwiritsa ntchito mafunde a mawu, koma wounika amayi oyembekezera tsiku lonse mkono uli m'mwamba amayamba kumva phewa kuwotcha ndi zala kuchita dzanzi. Mankhwala ake ndi kukonza kakhalidwe. Wodwala asendere m'mphepete mwa bedi kufupi ndi iwe, chigongono chako chisatalikire nthiti, mpando ndi bedi zilingane, sikirini ikhale moyang'anana ndi maso. Osafinya kachipangizo kounikira ngati ukugwira khasu. Ponyamula wodwala kumuchotsa pa tirole, itana mnzako. Dipatimenti yanzeru imasinthanitsa anthu, sabata ino kusikani, ya mawa ku X-ray.

Kukoma kwa ntchitoyi kuli pa chithunzi chotuluka bwino ulendo woyamba. Ganizirani gogo wochokera ku Chitipa, kapena mayi amene wakwera Ilala kuchoka ku Likoma mpaka ku Nkhata Bay n'kudzafika ku Mzuzu Central Hospital. Munthu wotere sungamuuze kuti abwerenso sabata ya mawa. Pojambula pachifuwa, makina atalikire masentimita 180, chifuwa chigunde mbale yolandira chithunzi, mapewa apendekere kutsogolo kuti mafupa a kumsana asaphimbe mapapo, mikanda, zithumwa ndi zitsulo za kamisolo zichotsedwe. Kenako wodwala akoke mpweya wambiri n'kuugwira. Apa ndi pamene zithunzi zambiri zimawonongekera, chifukwa gogoyo sanamve. Yesezani naye kaye musanadine, ndipo amene wabwera kudzagwira ntchito kuno aphunzireko mawu a Chitumbuka ndi Chitonga okhudza kupuma. Akapanda kukoka mpweya wokwanira, mtima umaoneka waukulu ndipo mapapo amaoneka ngati ali ndi chibayo. Chilembo cha R kapena L, chosonyeza kumanja kapena kumanzere pachithunzi, chisaiwalike, ndipo mayi aliyense wa msinkhu wobereka afunsidwe mwaulemu, pambali, tsiku limene anasamba komaliza.

Womaliza maphunziro alembetse ku Medical Council of Malawi ndi kumakonzanso chiphaso chake. Asaime pa dipuloma. Aphunzire sikani mozama, CT (yojambula thupi m'magawomagawo), mammography (yojambula mabere) ndi MRI (yojambula ndi maginito), imene maginito ake sazima ngakhale usiku, moti silinda ya oxygen yachitsulo ikalowa imauluka ngati muvi. Wofuna kukhala radiologist, dokotala womasulira zithunzi, njira yake ndi ina: digiri ya udokotala, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences, kenako zaka zina za ukatswiri. Madokotala amenewa ndi ochepa kwambiri m'Malawi, choncho wojambula ayenera kukhala ndi diso. Akaona phapo lafwefweta kapena fupa la khosi lathyoka, asangopereka chithunzi kwa wodikirira, apite yekha kwa dokotala kukanena.

Kwa akuluakulu oyendetsa zipatala, pempho lathu n'lakuti pogula makina muziikiratu pambali ndalama zowakonzera, zogulira UPS yowateteza magetsi akamathimathima, ndi zowerengetsera mabaji. Wojambula wachinyamata akakhala miyezi akuyang'ana makina akufa, luso limazilala ndipo amayamba kufunsira ntchito kwina. Aphunzitsi a Fomu 4 nawonso atiitane kusukulu zawo, tidzabwera ndi epuloni ndi baji kuti ana ndi makolo azigwire ndi manja awo.

Ogwira ntchito yojambula odwala,
Mzuzu