Omasulira mafilimu, nyimbo ikayamba tsekani maiki

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, amene ntchito yawo timaionera kuno ku Angónia pa mafulashi ndi mamemori khadi. Filimu ya karate mumaidziwa bwino, palibe wotsutsa. Koma filimu ya nyimbo ndi magule, monga Hairspray ya mu 2007, siyofunika kuigwira chimodzimodzi.

Nkhani yake ikuchitikira mumzinda wa Baltimore ku America mu 1962. Mtsikana wonenepa, Tracy Turnblad, akulakalaka kuvina nawo pa pulogalamu ya achinyamata ya pa TV, pomwe achinyamata akuda amaloledwa kuonekera tsiku limodzi lokha pamwezi. Filimuyi ndi yoseketsa ndithu, koma zowawa za tsankho anaziika m'nyimbo.

Apa ndiye pogona vuto. Womasulira akamalankhula amatsitsa mawu a filimu n'kukweza maiki yake. Pa filimu ya zibakera sipatayika kanthu. Pa filimu iyi, akachita zimenezo pamene woimba Queen Latifah akuimba akutsogolera anthu akuda pamsewu pa chionetsero chotsutsa tsankho, woonera wa ku Ulóngue kapena ku Domue amangoona khamu likuyenda ndi zikwangwani, osamva kulira kuli m'mawu ake. Chomwe amatsala nacho n'kuseka thupi la mtsikana uja, chinthu chimene filimuyo ikudzudzula.

Kukonza kwake n'kosavuta. Onerani filimu yonse kaye, ndi ya mphindi 117, n'kulemba papepala mphindi imene nyimbo iliyonse ikuyambira. Nyimbo ikatsala pang'ono kuyamba, fotokozani m'ziganizo ziwiri kapena zitatu: akuimba ndani, akuimbira yani, chamuvuta n'chiyani. Kenako tsekani maiki, bwezani mawu a filimu pomwe anali, mpaka nyimbo ithe. Inu oonetsa, chepetsani besi pa sipika, chifukwa ikachuluka m'kanyumba ka malata imameza mawu a woimba. Ngati pansi pali mawu olembedwa a Chipwitikizi, asiyeni, ana asukulu amawawerenga.

Zinthu ziwiri muzinene koyambirira. Choyamba, kusiyanitsa azungu ndi akuda m'malo ovinira sikopeka. Ku Baltimore kunalidi pulogalamu yotero, Buddy Deane Show, imene inatha mu 1964. Chachiwiri, amene akusewera mayi ake a Tracy ndi mwamuna, John Travolta, atavala ngati mayi, ndipo n'zadala: pa filimu yoyamba ya mu 1988 gawo limeneli analiseweranso mwamuna. Mukapanda kunena, anthu amatha theka la filimu akutsutsana ngati ndi bambo kapena mayi.

Pomaliza, mayina onyoza ngati "chidumbo" kapena "chimbiya" musamawonjezere anuanu pofuna kuseketsa. Onyoza alimo kale m'filimumo, ndipo masulirani mawu awo okhawo. Pabenchi lakutsogolo pamakhala ana, ena onenepa, ena achialubino, ndipo dzina limene mwalitchula pa maiki madzulo amakaitanidwa nalo kusukulu m'mawa mwake.

Wowerenga wanu,
Ulóngue, Angónia